Popita ku msika wa Khirisimasi kunyanja, tengani ndalama zing'onozing'ono

Abale anga, ngati mukupita ku msika wa nyengo ya Khirisimasi kuno ku Mangochi, kumene amalonda ochokera m'maiko osiyanasiyana amayala katundu wawo, sinthitsiranitu ma K5,000 anu akhale ma K500 ndi ma K1,000. Ogulitsa ambiri chenji chimawathera m'mawa momwe, ndipo anthu akachuluka netiweki imavuta, kulipira pafoni kumakutayitsani nthawi.

Mukafika musathamangire kugula. Zungulirani kaye msika wonse, mufunse mitengo. Zakudya gulani msanga zisanasasuke ndi dzuwa lathu lotenthali. Koma ziboliboli, mikanda ndi nsalu, ine ndimadikira madzulo akayamba kulongedza. Wochokera kutali safuna kubwerera ndi katundu wolemera, ndiye mukanenerera mwaulemu amatsitsa mtengo mosavuta.