Valavu ya m'paipi ya utsi ikagwira, musathamangire kutsegula injini

Amakanika ambiri kwathu kuno anaphunzirira ntchito pa njinga za silinda imodzi, ma Boxer, ma TVS ndi zina zimene akabaza amayendera. Pa njinga zotere, munthu akati "valavu ya utsi yagwira" maganizo amapita kumutu kwa injini basi. Koma njinga zaliwiro za masilinda anayi, monga Yamaha R1 ndi R6, Suzuki GSX-R ndi Honda CBR, zimene zimafika zitayenda kale ku Japan kapena ku South Africa, zambiri zili ndi valavu ina kunja kwa injini, m'kati mwa paipi ya utsi. Imeneyi ndiyo imagwira kawirikawiri, ndipo wosaidziwa amatha kuphwasula injini yabwinobwino vuto lili kunsi kwa njinga.

Yamaha ndiyo inayamba nayo mu 1987 pa FZR400, n'kuitcha EXUP, ndipo mu 1989 inafika pa FZR1000. A Suzuki yawo amati SET, a Honda pa CBR929RR ya mu 2000 anaitcha HTEV. Maina ndi osiyana koma ntchito ndi imodzi. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, valavuyi imachepetsa njira ya utsi. Chifukwa chake n'chakuti pali kanthawi kochepa pamene valavu yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi m'mutu mwa injini zimakhala zotseguka zonse ziwiri, ndipo paipi ikakhala yotakasuka kwambiri, mpweya ndi petulo wosapsa zimathawira kunja, njinga n'kusowa mphamvu ponyamuka. Injini ikakwera liwiro, valavu imatseguka yonse kuti utsi utuluke mosapanikizika. Pa njinga zatsopanoko, valavuyi imathandizanso kuchepetsa phokoso.

Siyenda yokha. Kompyuta ya injini, ECU, imalamula kamota kakang'ono kotchedwa servo, kamene nthawi zambiri kamabisika pansi pa mpando kapena m'mbali mwa felemu. Kuchokera pa servo pamatuluka makebulo awiri, wina wotsegula wina wotseka, ndipo amakafika pa kawilo kamene kali pamutu pa valavu. Choncho malo amene angalakwike ndi atatu: valavu yeniyeniyo, makebulo, kapena servo. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kuti wolakwa ndi uti mwa atatuwa musanagule chilichonse.

Mwini njinga mumufunse bwino momwe ikuchitira. Valavu ikagwira ili yotseka, njinga imalira msanga, imanyamuka bwino, mutauni imayenda ngati palibe vuto. Koma akangoti aitsegulire pamsewu waukulu, imafika pena n'kukana kukwera, ngati munthu amene akuthamanga wina atamutseka pakamwa. Ikagwira ili yotseguka zimatembenuka: ponyamuka imakhala yolefuka, phokoso limakula pang'ono, koma ikafika pamwamba imathamanga monga kale. Pa njinga za fuel injection, zimene petulo amalowa molamulidwa ndi kompyuta osati kabureta, nthawi zambiri nyali yochenjeza imayaka. Pa GSX-R pa dashibodi pamaoneka zilembo FI, ndipo mukaika njinga pa dealer mode, pamene imaonetsa nambala ya vuto, mumawerenga C46. Pa R1 ndi R6, nambala 17 ikunena za magetsi a servo pomwe 18 ikutanthauza kuti servo yakanika kuzungulira. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Nambala 18 kapena C46 sikuti servo yafa. Kawirikawiri servo imakhala ili moyo, ikungolimbana ndi valavu imene yadya dzimbiri.

Musanagwire sipanala, tcherani khutu. Pa njinga zambiri mukatembenuza kiyi osaliza injini, servo imadziyesa yokha, mumamva kaphokoso kofewa kwa masekondi ochepa, ndipo kawilo ka pa valavu kamapita uku n'kubwerera. Chotsani kachivindikiro ka pa kawiloko muone ndi maso. Ngati servo ikumveka ikukakamira koma kawilo sikakusuntha, kapena kakungonjenjemera, zimitsani kiyi. Magiya a m'kati mwa servo zambiri ndi apulasitiki, ndipo kuyatsayatsa kiyi valavu ili yogwira ndiko kumawathyola mano.

Tsopano dikirani paipi izizire. Jambulani ndi foni momwe makebulo akhalira, chifukwa mukawasinthanitsa pobwezera, valavu izitseka pamene ikuyenera kutseguka. Masulani manati osinthira kutalika kwa makebulo, muwachotse pa kawilo ka valavu. Mukatero mwawalekanitsa atatu aja ndipo aliyense adziyankhira yekha.

Yambani ndi valavu. Gwirani kawilo ndi zala n'kukazunguza. Valavu yabwino imayenda kuchokera kumapeto kufika kumapeto popanda kukakamira paliponse. Ngati ikufuna pulayala kuti isunthe, yagwira, ngakhale ikuyendako. Kenako kokani waya wa m'kati mwa kebulo iliyonse. Uyenera kutsetsereka mosavuta. Yang'anitsitsani pamene waya ukulowera m'chikopa chake, makamaka mbali ya kupaipi kumene kumatentha ndi kuthira matope: mukaona tiwaya titayamba kuthothoka kapena dzimbiri lofiira, kebuloyo yatha. Pomaliza tembenuzani kiyi makebulo ali ochotsa, muone ngati kawilo ka pa servo kakuzungulira. Kakazungulira bwino, servo ilibe mlandu. Ngati mota ikulira koma kawilo kali chiimire, magiya atha. Ngati kuli zii, onani fyuzi, pulagi ya servo ndi mawaya ake musanaiweruze. Kawilo ka servo musakazunguze ndi sipanala mokakamiza.

Chimene chimagwiritsa valavu ndi mwaye ndi dzimbiri pa nsonga za mtengo wake, ndodo yachitsulo imene imaizunguza, pamene umazungulirira m'mabushi, timphete timene timaugwira. Malowa amatentha kwambiri njinga ikamayenda, n'kudzanyowa ikaima, ndiye njinga imene yakhala miyezi osayenda, kapena imene imatsukidwa ndi madzi amphamvu a pa car wash n'kuimikidwa paipi isanaume, ndiyo imagwira msanga. Fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi madzi a mvula zoyamba limawonjezera vutolo.

Kumasula kumafuna kudekha kuposa mphamvu. Thirani mafuta omasulira dzimbiri pa mtengo wa valavu ndi pa mabawuti a chivindikiro chake, musiye usiku wonse. M'mawa gwirani nati ya pa kawilo ndi sipanala yaing'ono, mugwedeze pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, muthirenso mafuta, mugwedezenso. Poyamba isuntha mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo, ndipo pakutuluka madzi akuda ofiirira. Pitirizani, mpata ukhala ukukula. Ikakana, tenthetsani chitsulo chozungulira mtengowo ndi moto wochepa, mutapukuta mafuta onse ndi kutalikitsa mapulasitiki ndi mapaipi a petulo, chifukwa mafuta omasulirawa amayaka. Nyundo isafike pa mtengo wa valavu. Ukapindika ngakhale pang'ono sudzayendanso bwino, ndipo pa mapaipi ena ndiye kuti mugula chigawo chonse.

Pa ma Yamaha akale amene valavu yake ili pamene mapaipi anayi amakumanirana, valavu imatuluka yonse mukamasula chivindikiro. Ine ndimalimbikitsa kuitulutsa m'malo mongoigwedeza ili momwemo, chifukwa yongogwedeza imagwiranso pakapita miyezi yochepa. Chenjerani ndi mabawuti a chivindikirocho. Ndi aang'ono, apsa kwa zaka zambiri, ndipo amaduka mosavuta. Gwiritsani soketi ya ngodya zisanu ndi imodzi yokwana bwino, ndipo bawuti ikayamba kulira muibwezere kumbuyo pang'ono, muthire mafuta, muyambirenso. Valavu ikatuluka, palani mwaye ndi burashi ya waya, nsonga zonse ziwiri muzisalaze ndi sanipepala wosalala mpaka ziwale, ndipo muyeretsenso m'maenje mmene zimalowa. Mabushi akatha, valavu imachita phokoso la chitsulo injini ikamalira yokha, ndiye asintheni pomwepo pamodzi ndi gasiketi. Pa njinga zina valavu ndi kambale kamene kanamatidwa m'paipi ndipo sikatuluka. Pamenepo n'kungonyika ndi kugwedeza kufikira itamasuka kwathunthu.

Girisi wamba asapakidwe pamenepa. Amapsa tsiku lomwelo n'kusanduka makala, valavu n'kugwira kuposa kale. Pakani pang'ono girisi wa kopa wopirira kutentha pa nsonga za mtengo ndi pa mazinga a mabawuti. Makebulo othothoka sakonzedwa, gulani atsopano onse awiri.

Pobwezera makebulo tsatirani buku la njingayo, chifukwa muyeso umasiyana mtundu ndi mtundu. Pa ma Yamaha ambiri pali kabowo pa chivindikiro kamene kamayang'anizana ndi kampata ka pa kawilo, mumalowetsapo kachitsulo kuti valavu iime pamalo ake pamene mukukoka makebulo. Akakhala olefuka valavu sifika kumapeto ndipo nyali imayakanso. Akakhala okoka kwambiri servo imalemedwa. Mukamaliza chotsani kachitsulo kaja, tembenuzani kiyi muone kawilo kakuyenda momasuka, kenako lizani injini, muikweze pang'ono, muone valavu ikutseguka.

Ena amangochotsa makebulo, n'kumanga valavu ndi waya ili yotseguka, n'kuika kachipangizo konamiza ECU kuti nyali isayake. Kuti mufike kunyumba kapena podikira zipangizo, kumanga yotseguka n'kololeka, ndipo n'kwabwino kusiyana ndi kuyenda nayo yotseka. Koma pa njinga imene valavu yake ili pokumanira mapaipi anayi, mutaya mphamvu ya pansi ndi ya pakati, imene ndiyo mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse pamisewu yathu. Ine sindingachite zimenezo pa njinga imene valavu yake ikukonzeka.

Nanga ya m'mutu mwa injini ija? Nayonso imagwira, makamaka pa njinga imene yaima nthawi yaitali ndi petulo wakale, koma zizindikiro zake n'zina. Injini imalira ndi masilinda atatu, imagwedezeka, imawombawomba kupaipi, ndipo paipi ya silinda yodwalayo imachedwa kutentha poyerekeza ndi zinzake. Valavu ya m'paipi sichita zimenezi, chifukwa imapanikiza masilinda onse mofanana. Mukaona zotere zimitsani injini, chifukwa pisitoni ikhoza kumenya valavu yotsala yotseguka n'kuipinda. Pimani kompuleshoni, kupanikizika kwa mpweya, ya masilinda onse anayi, ndipo imodzi ikatsika kwambiri, tsegulani chivindikiro cha pamwamba mupime mpata wa mavalavu. Valavu yogwira ili yotseguka imaonetsa mpata waukulu kuposa wa m'buku. Kompuleshoni ikafanana monse, bwezerani mapulagi a moto amene munachotsa popima, mubwerere kupaipi.