Mukapita ku Spain, musanyamule Chisipanishi chokha

Basi inandisiya ku Bilbao ndili chiimire pasiteshoni, tikiti ili m'manja. Ine ndinkafuna ya ku San Sebastián, koma kutsogolo kwa basiyo kunalembedwa Donostia. Ndinaiona ikunyamuka, osadziwa kuti ndi mzinda umodzi womwewo: dzina lina ndi la Chisipanishi, lina la Chibasiki. Ndiye musananyamuke, lembani mayina onse awiri a kumene mukupita. Girona ndi Gerona, Lleida ndi Lérida, A Coruña ndi La Coruña. Pazikwangwani mudzaona kwambiri dzina la chinenero cha komweko. Ngakhale khomo lotulukira limasintha: ku Madrid ndi salida, ku Barcelona sortida, ku Bilbao irteera, ku Santiago de Compostela saída.

Liwu loti dialecto, lotanthauza kalankhulidwe chabe ka chinenero china, lisatuluke pakamwa panu. Mukauza munthu wa ku Catalonia, chigawo chomwe kuli Barcelona, kuti Chikatalani ndi Chisipanishi chopotoka, macheza athera pomwepo, ndipo ine sindingamuimbe mlandu. Chikatalani ndi chinenero pachokha, chochokera ku Chilatini monga Chifalansa. Chigalishiya ndi chibale wa Chipwitikizi. Chibasiki, chomwe eni ake amati euskara, chilibe mbale ndi mmodzi yemwe pa zinenero zonse za ku Ulaya. Chisipanishi chenichenicho ambiri kumeneko amachitchula castellano, ndipo inunso mukamatero mwapewa mkangano.

Chimene nkhaniyi imawawira ndi ichi. Pa ulamuliro wa Francisco Franco, kuyambira 1939 mpaka 1975, Chikatalani, Chigalishiya ndi Chibasiki zinathamangitsidwa m'masukulu ndi m'maofesi a boma. Agogo amene mungakhale nawo pafupi m'sitima ena anakula akulankhula chinenero cha amayi awo m'nyumba mokha, kunja kuli zii. Malamulo aakulu a dziko a 1978 ndiwo anatsegula njira yoti zikhale zovomerezeka m'zigawo zawo pambali pa castellano, ndipo aphungu ku Congreso, nyumba ya malamulo ya ku Madrid, analoledwa kuzilankhula m'nyumbamo mu 2023, dzulodzuloli.

Simukufunika kuphunzira zonse. Moni ndi zikomo basi. Ku Barcelona nenani bon dia ndi gràcies. Ku Bilbao, kaixo ndi eskerrik asko. Ku Galicia, bos días ndi grazas. Mukatero pitirizani m'Chisipanishi chanu chothyokathyokacho, adzakutsatirani, pakuti pafupifupi onse amachidziwa. Wina akakuyambani m'Chikatalani sikuti akukunyozani, ingonenani kuti simunamve.

Ku Valencia chenjerani pang'ono. Akatswiri a zinenero amati cholankhulidwa kumeneko ndi chimodzi ndi Chikatalani, koma eni ake amachitcha valencià, ndipo ena salola dzina lina. Itanani chinthu mmene mwini wake akuchiitanira.

Za ndale musaziyambe ndinu. Pamakonde a nyumba ku Catalonia mudzaona mbendera ziwiri: senyera, ya mizere yofiira ndi yachikasu, ndi ya chigawo chonse, pamene estelada, yokhala ndi nyenyezi, ndi ya ofuna kudzilamulira. Voti ya pa 1 Okutobala 2017, yofunsa ngati Catalonia ipatuke ku Spain, inagawanitsa mabanja, ndipo kulankhula Chikatalani sikusonyeza mbali imene munthu ali.

Basi yotsatira nditaikwera, ndinayesa kaixo wanga woyamba kwa dalaivala. Anamwetulira, nkundiyankha Chibasiki chambirimbiri chomwe sindinatolepo kanthu.