Momwe mungayendetsere dibeti mkalasi ngati masukulu achikhristu a classical

Ku America kuli masukulu achikhristu omwe amati classical, imodzi mwa zoyambirira ndi Logos School ya ku Moscow, Idaho yomwe inatsegulidwa mu 1981. Nzeru anakatenga kwa Dorothy Sayers, mayi wa ku England yemwe mu 1947 anati mwana amayamba ndi kuloweza, kenako kufunsa chifukwa, pomaliza kulankhula mogwira mtima. Ana a sekondale aja otsutsa chilichonse ali pachiwiripo, ndiye mmalo mowakalipira amawapatsa dibeti. Aphunzitsi anzanga, mutha kuyesa chonchi.

Choyamba sankhani mutu kuchokera pa zomwe mwawerenga mkalasi, woti mbali zonse zili ndi poima. Mwachitsanzo azamba aja a pa Eksodo 1, analakwa kunamiza Farao kuti apulumutse ana? Osati mitu yoti yankho aliyense akulidziwa kale, ana amangoyasamula.

Kenako gawani magulu pochita maere, asasankhe okha. Wina akadandaula kuti mwamuika mbali yomwe sagwirizana nayo, musiyeni, phindu lili pomwepo. Apatseni sabata yofufuza.

Apa ndiye pagona nkhani. Asanayankhe, aliyense ayambe wafotokoza mfundo ya mnzake mwachilungamo mpaka mwini wakeyo avomere kuti eya ndimatanthauza zimenezo. Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy yemwe amalemba za chikhulupiriro, mzaka za mma 1200 amalemba chonchi, amayamba wandandalika zomwe omutsutsa anganene, mwamphamvu zake zonse osazichepetsa, kenako nkupereka yankho lake, nkubwereranso kuyankha mfundo zija imodzi imodzi. Poyamba ana zimawavuta heve chifukwa anazolowera kumvetsera uku akukonza zobweza, koma musadumphe sitepe imeneyi olo nthawi ikuthereni.

Nthawi ikhale ndi malire, mphindi 4 za wolankhula woyamba, 2 za mafunso, wosunga wotchi akhale mwana osati inu.

Otsala asamangoombera mmanja, agwire cholembera azilemba pomwe wina wasiya mfundo nkuyamba kunyoza munthu, kapena wangoponya vesi osaona zomwe zili pamwamba ndi pansi pake. Mamalikisi muikenso a ulemu, paja 1 Petro 3:15 akuti tiziyankha mofatsa.

Inu maganizo anu musunge mpaka kumapeto. Akamaliza aliyense alembe tsamba limodzi za mbali yomwe akuikhulupiriradi tsopano ndi mfundo ya gulu linalo yomwe yamuvuta kuyankha, abweretse mawa mmawa.