Musanaveke felemu giya ya njinga ina, yezani kaye pansi pake

M'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula mukupezeka giya zakutsogolo ndi mikono ya mapedulo yochotsedwa ku njinga za kaunjika, ndipo akabaza ambiri akufuna kuziveka pa felemu zawo zakale. N'zotheka, koma si giya iliyonse imagwirizana ndi felemu iliyonse. Nkhani yonse ili pa chibowo cha pansi pa felemu pomwe pamadutsa ekiselo ya mapedulo, chomwe m'mabuku a amisiri amachitcha bottom bracket.

Chotsani makapu onse, zitsulo ziwiri zomwe zimagwira mabolo ndi ekiselo m'chibowomo, mupukute girisi ndi mchenga, kenako muike lula pachitsulo cha felemucho kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Felemu zambiri zimapereka mamilimita 68, ndipo njinga zambiri za m'mapiri zimapereka 73. Zonse ziwirizi zimakhala ndi mazinga a mtundu wa BSA, mazinga 24 pa inchi, ndipo n'zosavuta kuzipezera zipangizo. Mukapeza 71 kapena 76 pa felemu yakale ya Raleigh, samalani, chifukwa mazinga ake ndi 26 pa inchi. Kapu ya BSA imazunguliramo kawiri kapena katatu ngati kuti ili bwino, kenako n'kulimba. Apa ndi pomwe felemu zambiri zimafera: mmisiri amaganiza kuti ndi dzimbiri, amawonjezera paipi pasipanala, mazinga n'kutheratu. Kapu yoyenera iyenera kuyamba kulowa ndi zala zokha. Ikakana, bwererani. Pa felemu ya Raleigh yotere sungani makapu ake akale ndipo musinthe ekiselo yokha.

Kumbukiraninso kuti pa BSA kapu ya mbali ya tcheni ili ndi mazinga obwerera. Imamasuka mukaizungulitsa mmene umayendera muvi wa wotchi. Ya kumanzere ndi ya masiku onse. Felemu ya mamilimita 70 yokhala ndi mazinga a Chitaliyana ili ndi chibowo chokulirapo, cha mamilimita 36, ndipo mbali zonse zimamangidwa mofanana. Kapu ya BSA imangogwedera mmenemo.

Chibowo chikakhala chachikulu, cha mamilimita pafupifupi 51 komanso chopanda mazinga, ndiye kuti felemuyo inapangidwira mkono umodzi wopindika womwe umadutsa mbali zonse, ngati wa pa njinga zambiri za BMX. Giya ya ekiselo yapayokha singalowe popanda adaputala. Mapedulo akenso ndi osiyana: mkono umodziwo umalandira pedulo ya theka la inchi, pomwe mikono ina imalandira ya 9/16 ya inchi. Felemu zamakono zomwe mabeyaring'i ake amachita kukanikizira m'chibowo cha mamilimita 41, 42 kapena 46 sitikulimbikitsa pa ntchito ya kabaza kuno, chifukwa fumbi likalowa zimalira, ndipo zipangizo zake n'zovuta kupeza.

Mukadziwa felemu, yang'anani bowo la mkono womwe mwagula. Mkono wa kotapini (kachitsulo kokhala ndi nati komwe kamakhomera mkono pa ekiselo) umafuna ekiselo yozungulira yosemedwa mbali imodzi. Wa bowo la makona anayi umafuna ekiselo ya makona anayi. Ina ili ndi mano: Octalink asanu ndi atatu, ISIS khumi, ndipo siisinthana. Choncho pochoka ku kotapini kupita ku makona anayi, ekiselo iyenera kusinthidwa. Kusema ekiselo ndi tupa kuti mkono ulowe ndi kutaya ndalama kawiri.

Utali wa ekiselo ndi womwe ambiri amauiwala. Za makona anayi zimabwera ndi mamilimita monga 110, 113, 118, 122.5 ndi 127, ndipo chomwe chimasankha utali ndi giyayo, osati felemu yokha. Ikafupika, giya kapena mkono umakhula chitsulo cha felemu chopita ku tayala la kumbuyo. Ikatalika, tcheni imayenda mopingasa, imadya mano ndipo imagwa mukanyamula thumba la chimanga kapena mitolo ya nzimbe pamsewu wa mabampu. Vekani giyayo osamangitsa, muime kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana motsata tcheni. Iyenera kuwongoka kuchokera pagiya kufika pafuliwilo. Pa njinga ya giya imodzi, kuchokera pakati pa felemu kufika pa mano kumakhala mamilimita pafupifupi 42. Giya ya magawo atatu ya njinga ya m'mapiri imakhala kunja kwambiri, pakati pa 47.5 ndi 50 poyeza pa gawo lapakati, ndiye mukaiika pa njinga ya fuliwilo imodzi, yendetsani tcheni pa gawo lomwe lawongoka. Siyaninso mpata wa mamilimita osachepera atatu pakati pa giya ndi felemu, pakuti chitsulo chimapindikako munthu akaponda mwamphamvu.

Pomanga, ikani mabolo 11 a kota inchi mbali iliyonse, onse atsopano. Kusakaniza akale ndi atsopano kumakumba kapu. Yambani ndi kapu ya mbali ya tcheni, muimange zolimba ndithu. Ya kumanzere muilowetse mpaka ekiselo isiye kugwedera koma izizungulira mosavuta, kenako mumange mphete yokhomera, muyesenso, chifukwa mpheteyo imasuntha kapu pang'ono. Ngati mwagula ekiselo yotsekeredwa pamodzi ndi mabeyaring'i ake, werengani manambala olembedwa pamenepo, monga 68 x 113. Yoyamba ndi ya felemu, yachiwiri ndi utali.

Makotapini awiri aziyang'ana mosiyana, wina nati pamwamba wina pansi mikono ikagona, apo ayi mapedulo salunjikana. Kotapini imalowa ndi hamala mutachirikiza mkono pansi pake. Nati ndi yongogwirizira, mukaikoka ndi sipanala imaduka. Mkono wa makona anayi umafuna bawuti yomangidwa zolimba, ndipo muionenso pakatha masiku angapo a ntchito. Mkono wa aluminiyamu ukayendetsedwa uli wogwedera, bowo lake limakula ndipo sulimbanso ngakhale mutapanikizamo kachitini.

Za kuwotcherera kapu pafelemu, zomwe zimachitika mazinga akatha, tikuti ayi. Kapu imatha, ndipo tsiku lomwe yatha felemu nayo yatha. Pali ekiselo zotsekeredwa zomwe zimadzigwira zokha mbali zonse popanda mazinga a felemu. Funsani kwa ogulitsa zipangizo ku Blantyre musanapite kwa wowotcherera.

Kuno kuchigwa girisi sakhalitsa. Kutentha kwa mu Okutobala kumamusungunula, mchenga umalowa, ndipo nyengo ya madzi osefukira madzi amatsikira m'mapaipi a felemu n'kukaima pomwepo pa ekiselo. Njinga ikawoloka madzi ofika pa mapedulo, masulani sabata yomweyo, mutsuke ndi palafini, muumitse, muike girisi watsopano mpaka pamazinga a makapu. Ngati pansi pa chibowo pali kabowo kotulutsira madzi, kabooleni ndi waya matope akakatseka.