Momwe mungakonzere ulendo wokathyola nokha maapozi kumunda kuchokera ku Mzuzu

Ambiri a ife mu Mzuzu timadziwa apozi monga chipatso cha m'sitolo, chonyezimira ndi chomatidwa kapepala, chimene chayenda ulendo wautali kuchokera ku South Africa, makamaka kumadera a Ceres ndi Elgin m'chigawo cha Western Cape. Komatu m'mapiri otizungulirawa muli alimi amene ali ndi mitengo ya maapozi, ndipo munthu wofuna akhoza kupita kukadzithyolera yekha chipatsocho pamtengo. Ku Ulaya ndi ku America kuli minda yokonzedweratu kaamba ka alendo otere, kumene munthu amalandira dengu pachipata, nalowa kukathyola, kenaka nayezetsa pasikelo ndi kulipira potuluka. Kwathu kuno chizolowezi chimenechi sichinazike mizu, kotero musayembekeze kupeza chikwangwani pamsewu chokuitanani. Amene mudzampeza ndi mlimi wa mitengo yowerengeka kuseri kwa nyumba, mwina pakati pa khofi ndi nthochi, ndipo ulendo wanu udzakoma pokhapokha mutaukonza monga wokacheza pakhomo pa munthu, chifukwa kumeneko ndi pakhomo pa munthudi.

Choyamba ndi kudziwa kolowera. Mtengo wa apozi umafuna nyengo yozizira kuti uyoyole masamba ndi kupumula, ndipo ukapanda kuzizidwa mokwanira umaphuka mwa apo ndi apo, maluwa ake nakhala ochepa. N'chifukwa chake kukafuna maapozi m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay kapena ku Karonga ndi kutaya mafuta pachabe. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo malo oyenera kuyang'anako ndi ofanana ndi amenewa kapena okwera kuposa apa: mapiri a Viphya m'boma la Mzimba, dera la Nchenachena ndi Phoka m'boma la Rumphi, komanso Misuku ku Chitipa kwa amene ali ndi masiku awiri kapena atatu. Ngakhale kumeneko kuzizira kwa Juni ndi Julayi sikukwanira mitundu ya m'sitolo monga Granny Smith. Mitundu imene imachita bwino m'maiko ofunda ndi yosafuna chisanu chambiri, ndipo yodziwika kwambiri ndi Anna, umene unapangidwa ku Israel m'zaka za m'ma 1950, ndi Dorsett Golden wochokera kuzilumba za Bahamas. Anna ndi wofiirira mbali imodzi ndi wotalikirapo pang'ono, pamene Dorsett Golden ndi wachikasu. Mukadziwa zimenezi simudzakhumudwa kuona kuti chipatso cha kumunda n'chosiyana maonekedwe ndi chimene munazolowera.

Nyengo yake ndi yaifupi. Mitengo imachita maluwa chisanu chikangotha, cha m'ma Ogasiti ndi Seputembala, ndipo zipatso zimakhwima patapita miyezi itatu kapena inayi, kutanthauza kuti nthawi yokathyola imagwa chakumapeto kwa chaka ndi kumayambiriro kwa chaka chinacho, mvula itayamba kale. Mapichesi amatsogola pang'ono, choncho wopita msanga akhoza kupeza zonse ziwiri. Tsiku lenileni limasiyana malinga ndi kukwera kwa malo ndi momwe mlimi anasamalira mitengo yake, ndipo alipo alimi amene amapulula masamba dala kuti mtengo uphukenso pa nthawi imene iwo akufuna. Kalendala yokhayo yodalirika ndi mawu a mwini munda.

Nanga mwini mundayo mumpeza bwanji? Njira yachidule ndi kuyambira mumsika. M'nyengo yake, yendani mumsika waukulu wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa, ndipo mukaona amayi akugulitsa maapozi ang'onoang'ono osamatidwa kapepala, gulani mulu umodzi kaye musanayambe mafunso, kenaka funsani kumene amapikula. Ena sadzafuna kuulula poopa kuti mukufuna kuwalanda malonda, ndipo zimenezo n'zomveka. Fotokozani kuti mukufuna kupita ndi banja kukaona mitengo ndi kuthyola odya pakhomo basi. Njira ina ndi ya alangizi a zaulimi, amene amadziwa mlimi aliyense wa zipatso m'dera lawo, ndiponso malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa, amene ali mu Mzuzu momwemuno. Alimi a khofi a m'makopaletivi a Mzuzu Coffee ku Phoka, Misuku ndi Viphya amakhala m'malo okwera omwewo, motero mnzanu wa kuntchito kapena wa kutchalitchi wochokera kumeneko akhoza kukulumikizani ndi amalume ake pa foni imodzi yokha. Safunsa anadya phula.

Mukapeza nambala, kambiranani zonse musananyamuke. Nenani kuti mudzabwera anthu angati, ana ndi angati, ndipo mukufuna zipatso zochuluka bwanji. Gwirizanani ngati mudzalipira pa kilogalamu, pa ndowa kapena powerenga chimodzichimodzi, ndipo ngati ndi pa ndowa, tchulani kukula kwake, popeza ndowa ya malita 20 ndi chidebe cha malita 5 zonse zimatchedwa ndowa pakamwa pa munthu wofulumira. Funsaninso za zipatso zimene mudzadyera pomwepo, chifukwa palibe amene amalowa m'munda wa maapozi natuluka osaluma, ndipo ndi bwino kuti mtengo wake ulowe m'pangano kusiyana ndi kusiya mwini munda akuwerengera mumtima. Funso lofunika koposa ndi la mankhwala: ngati mitengo yapoperedwa posachedwa kaamba ka nsabwe za m'mitengo kapena chiwawu, sunthani tsiku kufikira atadutsa masiku olembedwa pa botolo la mankhwalawo. Pomaliza, pewani tsiku lopembedza la banjalo, kaya ndi Loweruka kapena Lamulungu, ndipo m'mawa wa tsiku la ulendo imbaninso, chifukwa kumudzi maliro amaimitsa chilichonse.

Za ulendo weniweniwo sindichulukitsa. Wopita ku Rumphi atsate msewu wa M1 kudzera ku Ekwendeni ndi Enukweni, akhotere ku Bwengu, ndipo pa Njakwa atenge msewu wopita ku Livingstonia umene umadutsa ku Nchenachena. Msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia kuchokera kunyanja, wa makona 20, si wa galimoto yaing'ono m'nyengo ya mvula. Wopita kummwera akumbukire chifunga cha ku Chikangawa ndi malole a matabwa. Kulikonse kumene mungalowere, makilomita omaliza adzakhala a dothi lofiira loterera, choncho nyamukani m'bandakucha kuti mubwerere mvula ya masana isanagwe, ndipo ngati muli pa minibasi, pemphani mlimiyo akupezereni wa kabaza womudziwa. Tengani majombo kapena nsapato zotseka, juzi, ambulera, madzi akumwa, makatoni olimba ndi nyuzipepala zakale. Ndalama zikhale za m'manja ndi zosinthasintha, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki imene m'zigwa zina imasowa.

Mukafika musalunjike kumitengo. Khalani pamene mwakhazikidwa, lonjeranani ndi onse a pakhomo, ndipo poti kumeneko ndi kwa Atumbuka, “Monire” ndi “Yewo” zidzakutsegulirani njira ngakhale zina zonse mutalankhula m'Chichewa. Kaphukusi ka shuga, mchere kapena sopo si malipiro, koma ndi ulemu umene mlendo wochokera m'tauni sayenera kuuiwala. Kenaka lolani mwini munda atsogole ndi kukulozerani mitengo yoti muthyolemo, popeza ina akhoza kukhala ataisungira wogula wina kapena akufuna kudulamo nthambi zomezanitsira.

Tsopano pa kathyoledwe, pamene pagona nkhani yonse. Apozi sathyoledwa monga mango. Sagendedwa, sagwedezedwa, sakoledwa ndi ndodo, ndipo mtengo wake sukweredwa, chifukwa nthambi zake n'zosalimba ndipo mitengo yomezanitsa imakhala yaifupi moti zipatso zambiri zimafikirika ndi dzanja. Gwirani chipatso ndi chikhatho chonse, osati ndi nsonga za zala zimene zimasiya mabala osaoneka msanga, kenaka chikwezeni m'mwamba mochipotoza pang'ono ngati mukufuna kuona kunsi kwake. Chokhwima chimalekana ndi nthambi mosavuta, kaphesi kake kali pomwepo. Chikakana, chisiyeni, sichinafike. Chifukwa chake n'chakuti maapozi ambiri amabala pa tinthambi tatifupi tokhakhala, ndipo kanthambi kamodzi komweko kamachita maluwa chaka ndi chaka. Mukakoka chipatso molunjika pansi, kanthambiko kamathyoka pamodzi ndi masamba ake, ndipo pamenepo mwachotsa zipatso za zaka zingapo zikubwerazo. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi pa ulendo wanga woyamba, pamene bambo wina wachikulire anatola pansi tinthambi titatu timene ndinathyola, nandiika m'manja, n'kunena mofatsa kuti, “Adada, awa ndi maapozi a chaka chamawa, tengani nawonso.” Sanawonjezere ndalama iliyonse pa mtengo umene tinapangana, koma ndikanakonda akanatero.

Kudziwa chokhwima kumafuna diso lodekha. Kufiira kokha kumanyenga, chifukwa mbali yoyang'ana kudzuwa imafiira chipatso chikadali chiwisi. Yang'anani mbali ya kumthunzi: ikachoka pa kubiriwira kwa tsamba n'kuyamba kuyezuka cha kuchikasu, nthawi yakwana. Pemphani mwini munda adule chimodzi pakati. Njere za chokhwima zimakhala zofiirira moderako, pamene za chiwisi zimakhala zoyera. Zipatso za kunja kwa mtengo ndi za kumtunda zimapsa msanga kuposa za mkati. Pamene zabala ziwiri kapena zitatu pamodzi, gwirizani zinazo ndi dzanja lachiwiri, apo ayi zidzagwa zonse. Zimene mwagwetsa nokha ndi zanu ndipo muzilipire, koma muziike padera kuti zidyedwe tsiku lomwelo. Zimene mwapeza zili pansi kale zisiyeni, makamaka kumene kumayenda nkhuku ndi mbuzi. Chipatso chokhala ndi kachipsera pakhungu kapena chopindika n'chabwinobwino, ndipo si chilungamo kusankha zokongola zokhazokha pa mtengo wa ndowa n'kusiyira mlimi zimene sangagulitse. Chokhala ndi kabowo konyowa ndicho chokayikitsa, chifukwa nthawi zambiri mkati muli mphutsi ya ntchentche za zipatso.

Ana amasangalala ndi ulendo wotere kuposa akulu, ndipo ndi bwino kuwatenga, koma mwana aliyense akhale ndi wamkulu womuyang'anira ndipo aonetsedwe kathyoledwe asanagwire mtengo. Alimi ambiri a zipatso amaika ming'oma ya njuchi pafupi, popeza njuchi ndizo zimanyamula mungu, ndipo mavu amakonda zipatso zojompholedwa ndi mbalame. M'nyengo ya mvula linthumbu nalo limayenda. Funsani kumene kuli zimenezi musanabalalike, ndipo samalani poponda, chifukwa pakati pa mitengo pamakhala nyemba kapena mbatatesi zimene mlendo amaziona ngati udzu.

Polongedza, ikani chipatso m'katoni ndi dzanja, osachiponya. Yalani nyuzipepala pansi ndi pakati pa mizere, musapitirire mizere itatu kapena inayi, ndipo zonyowa ndi mvula ziumitseni pamthunzi musanatseke. Thumba la feteleza kapena jumbo zidzakuperekezani ndi phala lokhalokha mukafika kudepoti ya Mzuzu, makamaka ngati kondakitala waliponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Katoniyo ikhale pamiyendo panu. Musatsuke maapozi kufikira nthawi yodya. Kumbukiraninso kuti Anna sasungika nthawi yaitali monga a m'sitolo, amene amasungidwa m'zipinda zozizira kwa miyezi: pakangopita masabata owerengeka pamalo ofunda, amayamba kufewa ndi kukhala ngati ufa mkamwa. Mufiriji amakhalitsako, koma poti magetsi athu timawadziwa, thyolani okwanira kudya ndi kugawira achinansi basi. Asungeni kutali ndi nthochi ndi masamba a ndiwo, chifukwa maapozi amatulutsa mpweya wa ethylene umene umapsetsa nthochi msanga ndi kuchititsa masamba chikasu. Otsala akhoza kusendedwa, kudulidwa ndi kuphikidwa ndi shuga ndi madzi a ndimu kukhala jamu.

Ambiri amabwerako ndi chilakolako chodzala mtengo wawo pakhomo ku Katoto kapena ku Luwinga, ndipo nyengo ya Mzuzu imalola. Musadzale njere za chipatso chimene mwadya, popeza mtengo wa njere sufanana ndi make ndipo umachedwa kubala. Pemphani mbande yomezanitsa, yooneka bwino pamene panalumikizidwa, ndipo podzala mfundo imeneyo ikhale pamwamba pa dothi. Tengani mitundu iwiri, Anna ndi Dorsett Golden, chifukwa imachita maluwa nthawi imodzi ndipo imabala bwino ikapatsana mungu. Ngati mlimiyo alibe mbande zokonzeka tsiku limenelo, siyani chikole ndipo pangani naye za mwezi wodzazitenga.