Adokotala akati pathupi pa miyezi 6 sipangapitirire: mmene banja lingakambirane

Ndinagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri kuno ku Mchinji, ndipo mkangano umene ndinkauopa unali wa pansi pa mtengo, kunja kwa wodi ya amayi. Adokotala anena kuti mwana atulutsidwe nthawi isanakwane, basi apongozi ayamba zoti "kumeneko ndi kupha", atsibweni akuti tidikire abusa Lamlungu, bambo wa mwana wangogwira kukamwa. Mayiyo ali m'kati, miyendo itatupa. Zikagwera banja lanu, yambirani apa.

Musanatsutsane, awiri a inu abwerere kwa adokotala akafunse bwinobwino: pathupi pali masabata angati, mwana ali moyo kodi, nanga tikadikira mayi chimuchitikira n'chiyani? Mawu amodzi oti "kuchotsa" amabisa nkhani zosiyana kwambiri. Ngati mwana wafera kale m'mimba, palibe moyo umene ukuchotsedwa, ndipo kuzengereza kumangoika mayi pangozi. Ngati vuto ndi kuthamanga kwa magazi, kuja kwa mutu wosatha, nkhope kutupa ndi maso kuchita chidima, dziwani kuti jakisoni wa magnesium sulphate amaletsa kukomoka chabe. Nthendayo imatha mwana ndi nsengwa zikatuluka. Pathupi pakapitirira masabata 28 mwanayo atha kukhala ndi moyo, choncho funsani za chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, za kangaru (njira yofunditsa mwana pomuika pachifuwa, khungu kukhudza khungu), ndiponso ngati kuli bwino kutumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mabanja ambiri amene ndinawaona akukangana, atamva zimenezi anapeza kuti panalibe choti akanganirane.

Povuta ndi pamene masabata sanafike, mayi ali pangozi, ndipo kutulutsa mwanayo ndi kumutaya. Apa musayembekeze kuti mugwirizana msanga. Amene akunena kuti mwana wa miyezi 6 ndi munthu sakunama. Ineyo ndawanyamula m'manja ana oterowo, zala ndi zikhadabo zili zonse. Amene akunena kuti mayi ali ndi ana atatu kunyumba amene akumudikira sakunamanso. Aliyense alankhule kamodzi, osamudula, ndipo mawu oti "wakupha" ndi oti "mbuli" aletsedwe pa bwalolo.

Lamulo lidziwike, chifukwa mantha a polisi amasokoneza anthu. Ndime 149 mpaka 151 za Penal Code, lamulo la milandu la dziko la Malawi, zimaletsa kuchotsa pathupi: wochotsa mnzake atha kulandira zaka 14, mayi wodzichotsa yekha zaka 7. Koma ndime 243 imalola dokotala kuchita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Lamulo latsopano limene bungwe lounika malamulo la Law Commission linakonza mu 2015, lowonjezera zifukwa monga kugwiriridwa ndi kulumala kwakukulu kwa mwana, aphungu anakana kulikambirana mu 2021. Ndiye ngati nkhani yanu ndi yoti makina aonetsa kuti mwana sanapangike bwino koma mayi ali bwinobwino, funsani adokotala mosabisa zimene angachite ndi zimene sangachite. Pano sipalephera wina wonena kuti "ku Chipata kumaloledwa". Zoona, Zambia ili ndi lamulo lake la 1972, koma limafuna madokotala atatu avomereze, si nkhani yongodutsa pa malire a Mwami n'kubwerako madzulo.

Ngati banja likufuna mawu a mpingo, imbani foni lero lomwelo. Akatolika amaphunzitsa kuti kuchotsa dala mwana sikuloledwa konse, komabe amasiyanitsa zimenezi ndi chithandizo chofuna kuchiza mayi chimene mwana amafera mosafuna. Malire ake savuta kunena, amavuta kuwapeza pa bedi la wodwala, choncho bambo mfumu kapena abusa amve kaye zimene adokotala anena, osati zimene zamveka kumsika.

Chimene mabanja amaiwala ndi mwini pathupi. Kwathu kuno mwini mbumba ndi apongozi amalankhula, mtsikana n'kumangoyang'ana pansi. Koma pepala la chilolezo amasayina ndi iyeyo, ngati ndi wamkulu ndipo akuzindikira. Mupatseni mphindi zochepa ali ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira, mayi ake kapena mkulu wake, ena onse atuluke. Ndipo wina asabweretse mankhwala a zitsamba m'botolo pansi pa chitenje. Ndinaona chiberekero chikung'ambika chifukwa cha zimenezo.

Mwana akatayika, mwambo umati mtayo amakaika amayi okhaokha, popanda maliro. Ine sinditsutsa mwambowo, koma mayiyo mufunseni ngati akufuna kumuona mwanayo asanamutenge, ndipo akalira musamutontholetse. Mabere atha kutuluka mkaka masiku otsatira, achenjezedwe. Anthu kumudzi akafunsa, yankho loti "zinavuta kuchipatala" likukwanira, ndipo tsiku lobwerera kukapimidwa, lolembedwa m'buku la kuchipatala, wina wa inu amuperekeze.