Kodi mankhwala otsukira m'makutu a galu amaphadi tizilombo?

Galu akayamba kupukusa mutu pafupipafupi, kukanda khutu ndi mwendo wakumbuyo mpaka kulira, ndipo mukafunyulula khutulo n'kumva fungo loipa, dziwani kuti m'ngalande ya khutu mwatupa. Eni agalu ambiri akaona zimenezi amathamangira kukagula botolo la mankhwala otsukira m'makutu. Pabotolopo kawirikawiri pamalembedwa kuti mankhwalawo amapha tizilombo, ndiye munthu mtima umakhala pansi poganiza kuti wapeza mankhwala ochizira. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Si mankhwala onse otsukira amene amapha tizilombo, ndipo ngakhale amene amaphawo, ntchito yawo yaikulu ndi kuchotsa phula ndi mafinya. Kupha tizilombo ndi ntchito yoonjezera chabe, ndipo mphamvu yake imasiyana kwambiri kuchoka pa botolo lina kufika pa linzake.

Ngalande ya khutu la galu si yowongoka. Imayamba yatsika pansi, kenako n'kukhota kulowera mkati mwa mutu, mofanana ndi chilembo cha L, mpaka kukathera pa nembanemba ya m'khutu. Zimene mumaona mukasuzumira ndi chigawo chakumtunda chokha. Khutu labwino limadziyeretsa lokha, chifukwa khungu la m'ngalandemo limasuntha pang'onopang'ono kuchoka mkati kubwera kunja, litanyamula phula ndi fumbi. Khutu likatupa, kudziyeretsa kumeneku kumasokonekera. Phula limachuluka, ngalande imachepa, mkati mumakhala mofunda komanso monyowa, ndipo tizilombo timapeza malo abwino oswanirana.

Tizilombo timene timapezeka kwambiri m'makutu odwala tilipo mitundu itatu. Woyamba ndi fangasi wa mtundu wa yisiti wotchedwa Malassezia pachydermatis. Ameneyu amakhala pakhungu la galu aliyense, ngakhale wathanzi, ndipo amangovuta akachulukana. Nthawi zambiri amabweretsa phula lodera, lamafutamafuta, lonunkha chuku, ndi kuyabwa kosaneneka. Wachiwiri ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus pseudintermedius, nayenso wokhala pakhungu nthawi zonse, amene amabweretsa mafinya achikasu. Wachitatu, Pseudomonas aeruginosa, ndiye wovuta kuposa onse. Amakonda makutu amene adwala nthawi yaitali, amayambitsa zilonda m'ngalande, mafinya ake amakhala onanda ndi onunkha kwambiri, amaboola nembanemba ya m'khutu, ndipo samva mankhwala ambiri opha mabakiteriya. Galu amene ali ndi ameneyu safuna n'komwe kuti mumukhudze kumutu.

Komabe musadalire maso ndi mphuno zokha. Mtundu wa phula umanamiza, ndipo m'khutu limodzi mumatha kukhala fangasi ndi mabakiteriya nthawi imodzi. Dokotala wa ziweto amatengako pang'ono zotuluka m'khutumo ndi kamtengo ka thonje, n'kuzipaka pagalasi, n'kuziona pa maikulosikopu. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ndi imene imauza munthu botolo loyenera kugula.

Nanga mankhwala otsukirawa amapha tizilombo timeneti kufika pati? Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Liverpool ku England anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita mu labotale, poyesa mankhwala otsukira angapo ogulitsidwa m'masitolo pa tizilombo tamitundu itatu tomwe tatchulati. Anapeza kusiyana kwakukulu. Ena ankapha tizilombo ngakhale atasungunulidwa kwambiri, ena ankangopha akakhala osasungunula kwenikweni, ndipo ena sankapha n'komwe. Mphamvu inkaoneka kwambiri mwa mankhwala okhala ndi isopropyl alcohol, okhala ndi PCMX (mankhwala ena opha tizilombo), komanso okhala ndi asidi wokwanira. Choncho mawu akuti "otsukira m'makutu" sakuuzani zambiri. Tembenuzani botolo muwerenge zimene zili mkatimo.

Mukawerenga mudzapeza maina angapo obwerezabwereza. Chlorhexidine amapha mabakiteriya ambiri komanso Malassezia, ndipo m'mankhwala a m'makutu amaikidwa wochepa kwambiri, monga 0.15 peresenti. Mankhwala okhala ndi asidi, monga acetic acid, boric acid, lactic acid ndi salicylic acid, amasandutsa m'khutu kukhala malo owawasa amene tizilombo tambiri sitikhalamo bwino. Acetic acid ndi boric acid, aliyense pa 2 peresenti, amagwira bwino pa fangasi, ndipo acetic acid amadziwikanso kuti amalimbana ndi Pseudomonas. Vuto lake n'lakuti amaluma. Khutu likakhala ndi zilonda, asidi kapena alcohol amamupweteka galu kwambiri, ndipo mawa lake akangoona botolo m'manja mwanu amathawira kunsi kwa tebulo. Palinso mankhwala amafutamafuta, monga okhala ndi squalane, amene ndi akatswiri pofewetsa phula louma koma pa nkhani yopha tizilombo alibe mphamvu yoti n'kuidalira. Amenewa si oipa ayi, angokhala ndi ntchito yawo.

Amene ndimaona kuti anthu samumvetsa bwino ndi Tris-EDTA. Payekha sapha tizilombo kwenikweni. Chimene amachita ndi kulanda calcium ndi magnesium zimene zimalimbitsa chikungwa cha mabakiteriya monga Pseudomonas, moti chikungwacho chimafooka, ndipo mankhwala opha mabakiteriya amene abwere pambuyo pake amalowa mosavuta. N'chifukwa chake amathiridwa kaye, n'kudikira mphindi 15 kapena kuposerapo, kenako n'kudonthezamo mankhwala ochizira. Ena amamusakaniziratu ndi chlorhexidine m'botolo limodzi. Munthu amene amangothira Tris-EDTA yekha m'khutu la mafinya n'kumadikira kuti lipole adzadikira mpaka kutopa.

Zotsatira za mu labotale tiyeneranso kuzimva mosamala. Mu labotale tizilombo timakumana ndi mankhwala maso ndi maso, popanda chotchinga, kwa nthawi yonse imene wofufuza wasankha. M'khutu la galu wamoyo zinthu sizili choncho. Phula ndi mafinya zimasungunula mankhwala ndi kuwafooketsa. Galu amapukusa mutu pasanathe mphindi imodzi, mankhwala ambiri n'kuthera pakhoma ndi pamalaya anu. Ndiponso mabakiteriya, makamaka Pseudomonas, amadzikuta ndi zinthu zoterera zonanda zimene akatswiri amati biofilm, n'kumamatira kukhungu ngati ndere pamwala wa mumtsinje. Ali mkati mwa zoterera zimenezi, mankhwala amene akanawapha mosavuta amangodutsa pamwamba. Madokotala ena amagwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi N-acetylcysteine pofuna kuphwanya biofilm imeneyi, ndipo khutu likafika poipa kwambiri, galu amagonekedwa ndi mankhwala kuti alitsuke mpaka kunsi.

Ndiye kodi kutsuka kulibe phindu? Phindu lilipo, ndipo ndi lalikulu, kungoti lili pena. Mankhwala ena odontheza m'khutu, monga okhala ndi gentamicin, neomycin kapena polymyxin B, amatha mphamvu akakumana ndi mafinya. Mukawadontheza m'khutu losatsuka, amakhala pamwamba pa zonyansa osafika pakhungu lodwala. Kutsuka kumachotsa chotchingacho, kumachepetsa chiwerengero cha tizilombo pongotikokolola, komanso kumachotsa zimene tizilomboto timadya. Ngati vuto ndi fangasi wongochuluka pang'ono, mankhwala otsukira okhala ndi mphamvu yopha tizilombo nthawi zina amakwanira okha. Koma khutu likakhala lotupa, lopweteka, lotuluka mafinya, kutsuka kokha sikuchiza. Pamafunika mankhwala opha tizilombo ndi ena ophwetsa kutupa, olembedwa ndi dokotala. Mufunseninso ngati mankhwala otsukira amene muli nawo akugwirizana ndi ochizirawo, chifukwa gentamicin ndi neomycin sagwira bwino ntchito m'khutu limene mwangothiramo asidi.

Musanathire china chilichonse, funso lalikulu ndi lakuti kodi nembanemba ya m'khutu ili bwino. Ikabooka, mankhwala amadutsa kukafika mkati mwenimweni, kumene kuli ziwalo zothandiza kumva ndi kuyenda molunjika. Alcohol, propylene glycol, mankhwala amphamvu osungunula phula monga docusate, komanso chlorhexidine wochuluka, zonsezi zikhoza kuwononga ziwalo zimenezi. Galu amayamba kupendeketsa mutu mbali imodzi, kudzandira, kuzungulira pamalo amodzi, maso kumangogwedezeka, mwinanso kugontha kumene. Mukaona chimodzi mwa izi, kaya musanatsuke kaya mutatsuka, lekani kuthira mankhwala ndipo mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Inu pakhomo simungathe kuiona nembanembayo, chifukwa ili kuseri kwa malo okhota aja ndipo imafunika chida chounikira. Pamene dokotala akukayika, amatsuka ndi madzi a mchere a kuchipatala, amene sapha tizilombo koma savulaza mkati. Chlorhexidine wotsukira mabala kapena wosambitsira ziweto ndi wamphamvu kwambiri, asalowe m'khutu. Chimodzimodzinso sipiriti, hydrogen peroxide ndi viniga wosasungunula. Ndipo botolo la galu musamthire mphaka osafunsa, chifukwa makutu a mphaka savuta kuwonongeka.

Katsukidwe kake nakonso kamasintha zotsatira. Fumbatani botolo m'manja kwa kanthawi kuti mankhwala afundeko, pakuti ozizira amamudzidzimutsa galu. Kokerani khutu m'mwamba pang'ono kuti ngalande iwongoke, ndipo thirani mpaka muone mankhwala afika pakamwa pa ngalandeyo. Timadontho tiwiri kapena titatu sititsuka kanthu. Kenako gwirani kunsi kwa khutu, pamene mukumva ngati kapaipi kolimbirako pansi pa khungu, n'kumafinya modekha kwa masekondi 30 kufika mphindi imodzi. Mukamatsuka bwino mumamva mankhwala akuchita phokoso mkatimo. Nthawi imeneyi ndi imene phula limasungunuka komanso mankhwala amakhudzana ndi tizilombo, choncho musaifupikitse. Mukatero musiyeni apukuse mutu, kenako pukutani ndi thonje kapena kansalu kofewa mpaka pamene chala chanu chafika basi. Timitengo ta thonje tija musatilowetse m'ngalande, chifukwa timakankhira zonyansa mkati ndipo tikhoza kuboola nembanemba. Kamwa ya botolo isakhudze khutu. Ikakhudza, ipukuteni bwino musanapite ku khutu linalo, apo ayi mudzasamutsa tizilombo ndi manja anu omwe.

Kutsuka mopyola muyezo nakonso ndi vuto. Khutu lonyowetsedwa tsiku ndi tsiku khungu lake limafewa, n'kuyamba kutulutsa zoyerayera zimene mwini wake amayesa mafinya, ndiye amaonjezera kutsuka, vuto n'kumakula. Galu wa makutu abwino, osanunkha, osafiira, safunika kutsukidwa kawirikawiri. Pa nthawi ya chithandizo, dokotala ndi amene amanena masiku otsuka malinga ndi kuchuluka kwa zotuluka, ndipo khutu likamapola masikuwo amatalikirana. Palinso mankhwala ena amene dokotala amaika yekha m'khutu kuti azigwira ntchito kwa masabata angapo, monga okhala ndi florfenicol ndi terbinafine. Akaikidwa amenewa, simutsukanso mpaka nthawi imene wakuuzani itakwana, chifukwa mukatsuka mwachotsa mankhwalawo.

Chimene chimakhumudwitsa eni agalu ambiri n'chakuti khutu limapola, pakapita miyezi iwiri layambiranso, ndiye amati botolo lija linali lachabechabe n'kukagula la mtundu wina. Nthawi zambiri botolo silinalakwe. Tizilombo timene tatchula tija sitiyambitsa tokha matenda m'khutu labwino, timangopezerapo mwayi pamene china chake chasokoneza kale khungu. Gwero lofala kwambiri ndi ziwengo, kaya zobwera ndi fumbi la m'nyumba, mungu wa zomera kapena chakudya china. Galu wotere mudzamuona akunyambitanso mapazi, kukanda kumimba ndi m'khwapa. Kwa tiana ta agalu, kawirikawiri gwero limakhala tinthata ta m'makutu totchedwa Otodectes cynotis, timene timabweretsa phula lakuda lonyenyeka ndipo timafalikira kwa agalu ndi amphaka ena a pakhomo. Mankhwala otsukira satha tinthata timeneti, pamafunika mankhwala ake. Galu akangoyamba mwadzidzidzi kupukusa mutu ndi kulira khutu limodzi lokha atachokera kutchire, ganizirani za njere ya udzu imene yalowa mkati, ndipo imeneyo iyenera kuchotsedwa ndi chida. Kwa agalu akuluakulu, vuto la chithokomiro kapena chotupa m'ngalande zimathanso kukhala gwero. Mitundu ina imangobadwa ndi makutu ovuta: Cocker Spaniel ndi Basset Hound makutu awo ndi olendewera, Shar-Pei ngalande yake ndi yopapatiza, Poodle ali ndi ubweya wambiri mkati, ndipo Labrador amakonda kusambira, makutu n'kumakhala onyowa.

Kwa agalu oterewa, kutsuka kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri ndi mankhwala oumitsa komanso ochepetsa tizilombo kumathandiza kuti matenda asamabwerere pafupipafupi, bola gwero lija likusamalidwanso. Mankhwala ochizira akatha, bwererani naye galuyo kuti akamuunikenso ndi kuona pa maikulosikopu ngakhale akuoneka kuti wachira. Chigawo chakumtunda chimayamba kuuma ndi kusiya kununkha pamene kunsi, pafupi ndi nembanemba, mabakiteriya akadalipo, ndipo khutu limene latupa kambirimbiri khungu lake limakhuthala ndi kulimba mpaka ngalande kutsekeka, moti mankhwala amtundu uliwonse sangathenso kulowa ndipo chotsala chimakhala opaleshoni.